Vitz yathu ndi Subaru ya ku Area 23

Sukulu zitangotsekera mu Disembala 2024 ndinakwera minibasi pa boma la Dedza kulowera ku Lilongwe. M'chikwama munali malaya awiri, mswachi ndi buluu buku ya galimoto. Kunena zoona, mwini ulendo anali buluu bukuyo. Ine ndinkangoyiperekeza.

Nkhani yake ili apa. Mu 2021 ndinatenga ngongole kubungwe lathu losunga ndi kubwereketsa ndalama, mng'ono wanga naye n'kuikapo zomwe anapeza atagulitsa soya, ndipo tinaitanitsa Toyota Vitz yogwirapo kale ntchito kuchokera ku Japan. Inatsikira padoko la Dar es Salaam, n'kulowa m'dziko muno kudzera pachipata cha Songwe, komwe msonkho wake unatisiya m'matumba muli mbee. Kumudzi komwe ndimaphunzitsa, msewu wake nthawi ya dzinja umafuna thirakitala, choncho tinapangana kuti galimoto izikhala kwa iye ku Area 25. Aziyendetsa ngati takisi, azindithandiza kubweza ngongole, ndipo tsiku loti mayi athu akaonane ndi adokotala kuchipatala cha Kamuzu Central likakwana, azisiya zonse n'kukawanyamula. Dzina la pa buluu buku ndi langa chifukwa amene amadulidwa malipiro mwezi ndi mwezi ndine. Zaka zitatu zinatha osakwezerana mawu.

Ndiye mu Novembala foni inalira. "Achimwene, ndapeza munthu akufuna kusinthana. Ife tipereka Vitz ndi ndalama pamwamba, iye atipatsa Subaru ya turbo. Mungobwera ndi buluu buku mudzasayine." Anatumiza zithunzi pa WhatsApp, zomwe zinatseguka nditakwera pachulu cha kuseri kwa sukulu pomwe pamagwira netiweki. Galimoto yabuluu, yogwada pansi, mawilo agolide, pa boneti pali chibowo ngati mphuno ya mvuu.

Amene munali mu Lilongwe miyezi imeneyo mukukumbukira momwe zinthu zinalili. Kuyambira pa Nathenje, malo aliwonse omwetsera mafuta anali ndi mzere wake, madalaivala ena atagona m'magalimoto, akabaza ataunjikana pambali ndi njinga zawo zamoto, anyamata a zigubu akuzungulira chapatali. Lita ya petulo pa pampu inali K2,530, mtengo womwe a MERA analengeza mu Novembala 2023 kwacha itangochepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti. Isanakwere inali K1,746. Koma mtengo wa pa pampu unali wa munthu amene wapirira usiku wonse pamzere. Wothamanga ankagula kwa mavenda, pamtengo womwe venda wadzuka nawo tsikulo. Munthu wanzeru zake sayambitsa nkhani ya galimoto yakumwa kwambiri nyengo yoteroyo. Vuto linali lakuti mng'ono wanga si wopusa, ndipo n'chifukwa chake ndinanyamuka m'malo mongokana pafoni.

Ku Area 25 ndinafika dzuwa litapendeka. Dera limeneli ndi tauni payokha: kuli 25A, 25B, 25C, masekita ake, msika wa Nsungwi, ndi khwimbi la anthu lomwe limalawirira m'mawa wapansi kulowera kumakampani a ku Kanengo. Vitz ndinaipeza pabwalo, itatsukidwa mopitirira muyeso ngati mbuzi yopita kumsika. Chitseko chakumanzere chikadali ndi chipsera cha tsiku lomwe wakabaza anachipala pa Mchesi. Injini yake ndi ya masilinda atatu, lita imodzi yokha, ndipo ikamakwera mtunda itanyamula anthu anayi mumamva ngati ikupempha chikhululukiro. Koma sinatigonekepo panjira.

M'mawa mwake mng'ono wanga sananditengere kwa mwini Subaru. Ananditengera ku Mgona. Ndinazindikira pambuyo pake kuti ankafuna ndione kaye chifukwa chake, galimoto ndidzaione pambuyo. Mgona ili m'mphepete mwa Kanengo, nyumba zothithikana, tinjira topapatiza, ngalande zodzaza matope. Koma ukalowa pamsika wake wa mbewu umaiwala zonsezo. Amayi atakhala pa malona akusankha mtedza, ena akupeta, anyamata akusoka matumba, masikelo akulendewera, malole akudikira. Ngakhale mu Disembala, pomwe mbewu zambiri zimakhala zitatha m'midzi, malonda anali akuyenda. Mng'ono wanga ali ndi gawo m'kashedi kena komwe amasungamo soya ndi mtedza, ndipo tsopano amapeza zambiri kumeneko kuposa pa takisi.

"Takisi inatha, achimwene," anatero titakhala pa matumba. "Sienta imanyamula anthu ambiri kuposa ine, wakabaza amatchipitsa kuposa ine, ndipo tsiku lonse limathera pamzere wa mafuta. Komanso tamverani. Inu mukalowa m'kalasi ana amaimirira. Ine ndikafika ndi Vitz kwa munthu woti andigule matumba 200, amandifunsa kuti bwana wako ali kuti."

Mawu amenewo anandilasa, chifukwa ndikudziwa kuti ndi oona. M'tauni muno galimoto imayankhula mwini wake asanatsegule pakamwa. Anawonjezera kuti Subaru imakoka ndi mawilo onse anayi, ndiye izimufikitsa m'midzi kokagula mbewu, ndipo Loweruka azichititsa hayala pa maukwati ndi zinkhoswe. Ine sindinatsutse. Ndinangopempha kuti tisanapite kwa mwiniwake tidutse ku Biwi titenge makaniko wathu.

Amene sanafikepo ku Biwi Triangle sadziwa komwe magalimoto a mu Lilongwe amakafera ndi kukaukira. Dothi lake ndi lakuda ndi oyilo wa zaka zambiri. Uku akuwotcherera ekizozi, uku akuwongola chitseko ndi hamala, apo mnyamata wagona pansi pa minibasi miyendo yokha ikuoneka. Timashopu ta masipeya tandandalika, tina tagalasi lowala, tina tamalata, ndipo kutsogolo kwake kwaunjikidwa ma injini, magiyabokosi, zitseko, nyali ndi mabampala ochotsedwa ku magalimoto omwe anachita ngozi. Ukangoima, anyamata atatu afika kale pawindo kufunsa chomwe chavuta, ndipo aliyense ali ndi m'bale wake amene ali nacho. Ndimawauza ana asukulu kuti sayansi si ya m'buku mokha, ndipo ndikanakhala ndi basi ndikanawabweretsa kuno tsiku limodzi. Pali anthu pano omwe sanafike Fomu 2 koma amamva vuto la injini ndi khutu, atatsamiritsa sikuludalaiva pa chitsulo.

Makaniko wathu ndi bambo wachikulire wosachedwa kuseka. Atamva dzina la galimoto anapukuta manja pang'onopang'ono. "Aphunzitsi, Vitz yanuyi chikafa chinthu ndimatuma mwana, amabwera nacho tiyi asanazizire. Magalimoto a Toyota ang'onoang'onowa adzaza dziko lonse, ndiye masipeya ake ali paliponse, atsopano ndi akale omwe. Inayo ndi nkhani ina." Anafotokoza kuti injini ya Subaru ndi yogona, masilinda awiri kumanja awiri kumanzere, moti ngakhale kusintha mapulagi kumafuna manja opyapyala ndi mtima woleza. Vitz ili ndi tcheni mkati mwa injini, pomwe Subaru yakaleyo ili ndi lamba yemwe akaduka galimoto ikuyenda amawononga zambiri. Matayala ake amafuna kusinthira limodzi onse anayi kuti akhale ofanana, apo ayi zitsulo zogawa mphamvu ku mawilo zimavutika. Oyilo wake si wa m'botolo la Sobo wa m'mbali mwa msewu. Ndipo turbo ikafa, yabwino umaitanitsa ku Dar es Salaam, ku Johannesburg kapena ku Dubai, nyengo ino yomwe dola ikusowa ngati mankhwala. Anavomera kutiperekeza titalonjeza kumulipira tsiku lake.

Tinadutsa mu Kawale, pafupi ndi bwalo la Masintha, Vitz ikukwera ndi kutsika mahampu mopanda dandaulo. Makaniko ankawerenga mahampuwo mokweza, osanena chifukwa chake.

Ku Area 23 tinasiya tala n'kulowa m'kamsewu ka fumbi komwe mvula inali itakumba kale mifuleni. Mwini galimoto, mnyamata wa msinkhu wa mng'ono wanga, anatsegula geti, ndipo ndiyenera kuvomera kuti zithunzi zija zinaichepetsa. Inali Impreza WRX, yakale ndithu koma yosamalidwa khungu. Atailiza, mawu ake sanali ngati a galimoto zomwe tinazolowera. Inkagunda chapansipansi, du-du-du-du, ngati mbalule ikuyitana gule, mpaka ana a nyumba yoyandikana anakwera pa mpanda. Kutsogolo kwake kuli chizindikiro cha nyenyezi zisanu ndi imodzi. Subaru ndi dzina la Chijapani la kagulu ka nyenyezi kaja makolo athu amakatcha Nsangwe. Mwiniwake sankadziwa zimenezo, koma ankadziwa kuti Colin McRae wa ku Scotland anapambana mpikisano wa dziko lonse wa magalimoto othamanga m'misewu ya fumbi mu 1995 akuyendetsa Impreza, ndipo anatiuza kawiri.

Poti ndimaphunzitsa Physics, ndiloleni ndifotokoze chomwe chimatchedwa turbo, chifukwa ambiri amachitchula ngati mankhwala a kwa sing'anga. Injini imapeza mphamvu powotcha petulo, ndipo moto sungayake popanda mpweya. Injini wamba imakoka mpweya yokha monga timapumira ife. Turbo ndi timapini tiwiri tolumikizidwa ndi kamtengo kachitsulo kamodzi. Utsi wotentha wotuluka mu injini, m'malo mongothawira ku ekizozi, umayamba wazunguza kapini koyamba. Kameneko kamazunguza kachiwiri, komwe kamakankhira mpweya wambiri mu injini mokakamiza, monga wosula makasu amapemerera moto ndi mvukuto. Mpweya ukachuluka, petulo wolowa nayenso amachuluka, ndipo injini ya malita awiri imakoka ngati yaikulu kwambiri. Mpweya wopanikizidwa umatentha, ndiye umafunika kuziziritsidwa usanalowe. Chibowo cha pa boneti chija ntchito yake ndi imeneyo, si chokongoletsera. Nzeru imeneyi si yatsopano: Alfred Büchi wa ku Switzerland anailembetsa mu 1905. Chomwe anyamata sakonda kumva ndi chakuti timapini timeneti timazungulira maulendo oposa 100,000 pa mphindi imodzi, titayandama pa kamadzi kopyapyala ka oyilo. Oyilo akada, kapena fumbi likalowa, kamtengo kaja kamayamba kudyeka. Ndipo fumbi mu Lilongwe sitichita kuitanitsa kunja.

Mwiniwake anati tikhoza kuiyesa, bola tithire mafuta athu. Tinagula malita asanu kwa venda, pamtengo woposa kawiri wa pa pampu, makaniko akununkhiza chigubu kuti amve ngati sanasakanize ndi parafini. Potuluka pa geti bampala inakhula pansi. Pa hampu yoyamba mwiniwake anachita kuyendetsa chopingasa, tayala limodzi limodzi, minibasi ya m'mbuyo ikuliza hutala. Makaniko anandiyang'ana, ine n'kukumbukira kuwerenga kwake kwa ku Kawale.

Tinatulukira mu M1 mpaka pa raundabauti yopatukira ku Bunda, n'kulowa msewu wolambalala mzinda womwe aliyense amangouti bayipasi. Pamenepo anandipatsa chiwongolero. Ndinaponda mwaulemu monga ndimapondera Vitz, ndipo poyamba sipanachitike chachilendo. "Pondani, bigi," anatero mwiniwake. Ndinaponda. Panadutsa kamphindi ngati galimoto ikuganiza, kenaka kunamveka kamluzu pansi pa boneti, msana wanga n'kumatirira kumpando, mitengo ya m'mbali n'kuyamba kuthawira kumbuyo. Sindinama, ndinaseka mokweza ngati mwana wa Sitandade 1 pa katungwe. Zaka zonsezi ndakhala ndikujambula mivi pa bolodi kufotokoza za mphamvu ndi liwiro, koma tsiku limenelo ndinazimva m'chifuwa. Kwa mphindi imodzi ndinaiwala ngongole, ndinaiwala mzere wa mafuta, ndipo ndinadziona ndikufika nayo pamsonkhano wa aphunzitsi pa boma, anzanga a njinga zakapalasa atatsegula pakamwa.

Mphindi yake inali imodzi yomweyo. Kutsogolo kunali wakabaza atanyamula mayi ndi mwana kumbuyo, lole ikubwera mbali inayo, ndi mbuzi ziwiri zomwe sizinasankhe mbali yoti zipite. Ndinaponda buleki, ndipo buleki yake ndi yabwino, ndiyamikire. Koma ndinadzifunsa kuti mu Lilongwe yense, kuchotsa kachigawo aka ndi misewu yatsopano ya pakati pa mzinda komwe apolisi a pamsewu amaima ndi kamera, mphamvu zimenezi munthu angazitulutsire pati.

Titaima pambali, makaniko anapempha kuti injini isazimitsidwe. Anadikira pang'ono, n'kuuza mwiniwake kuti aponde. Ku ekizozi kunatuluka kautsi kabuluu, kochepa koti ine sindikanakaona. Injini itazizirako anamasula paipi yolowetsa mpweya, napisamo chala, chala n'kutuluka chonyowa ndi oyilo. Anagwedeza kamtengo kaja ndipo kanagwedera. Sananene kanthu pamaso pa mwiniwake. Anangobwezera paipi n'kupukuta chala pa ovolosi. Mwiniwake anati zimenezo ndi zazing'ono, magalimoto a turbo onse amatero.

Popeza bayipasi imadutsa kufupi ndi Chinsapo, mng'ono wanga anati tikaonetse galimoto kwa mayi, omwe sabata imeneyo anali kwa azakhali kudikira tsiku lawo la kuchipatala. Ndikuganiza ankayembekezera kuti mayi akaiona asangalala, ine n'kusowa chonena. Chinsapo ndi dera la anthu ambiri zedi, nyumba zinamangidwa msewu usanaganiziridwe, ndipo usiku wake kunali kutagwa mvula. Tinalowa bwinobwino mpaka pa kamlatho ka matabwa ndi dothi kodutsa pa ngalande, pomwe Vitz imadutsa mwezi uliwonse. Mwini Subaru anatsika, anayang'ana pansi pa bampala yake, n'kupukusa mutu. Mawilo anayi okoka aja analipo ndithu, koma mimba ya galimoto inali pafupi kwambiri ndi nthaka. Tinaisiya pa golosale, gulu la ana litaizinga, ife n'kuyenda wapansi mtunda wotsalawo.

Mayi anamvetsera nkhani yonse atakhala pa mkeka, miyendo yawo yotupa itatambasulidwa. Sanafunse za liwiro kapena mtengo. Anangoti, "Nanga poti yakanika kufika pakhomo pano, Lachinayi ndikaipeza bwanji ku golosaleko? Mudzandibereka?" Mng'ono wanga anati adzabwera ndi wakabaza kudzawatenga pakhomo. Mayi anamuyang'ana nthawi yaitali osayankha.

Azakhali ndiwo anandidabwitsa. Anandikokera kuseri kwa nyumba n'kunena kuti, "Aphunzitsi, mwana akalirira nyanga ya nsatsi msemere, imufotere yekha. Mng'ono wanuyu ndi bambo tsopano. Mukamamugwira dzanja pa chilichonse adzakuzondani, ndipo galimoto idzatha koma chibale chidzatsala ndi bala." Ndinawayankha kuti nyanga imeneyi ikafota ifotera pa malipiro anga, chifukwa ngongole ikadalipo mpaka Seputembala 2025. Iwo anati zimenezo akuzidziwa, koma ndiganizirebe.

Madzulo ku Area 25 ndinatenga pepala la mayeso lotsala m'chikwama n'kulemba kuseri kwake. Vitz yathu, malinga ndi kabuku komwe mng'ono wanga amalembamo yekha, imayenda makilomita 16 pa lita. Mwini Subaru anavomera ndi pakamwa pake kuti yake imayenda 8, phazi likakhala lopepuka, ndipo palibe amagula galimoto yotere kuti phazi likhale lopepuka. Pa makilomita 100, Vitz imamwa malita 6 ndi kota, omwe ndi pafupifupi K15,800 pamtengo wa pa pampu. Subaru imamwa malita 12 ndi theka, pafupifupi K31,600. Ndiye kuti usiku uliwonse womwe iye amagona pamzere wa mafuta usanduka mausiku awiri. Pansi pake ndinalemba turbo, lamba, matayala anayi, inshulansi, ndi ndalama ya pamwamba ija, yomwe inali yoti ichoke mu mpamba wa soya miyezi inayi msika wa mbewu usanatsegulidwe.

Anawerenga pepala lonse, mlamu ali chete kukhitchini koma mbale zitasiya kulira. "Masamu anu ndi oona, achimwene," anatero. "Koma simunalembepo kuti ndatopa. Zaka zitatu ndakhala m'kagalimoto aka kuyambira 5 koloko m'mawa, kunyamula anthu oledzera, kutukwanidwa chifukwa cha chenji. Chinthu chimodzi chokha ndachifuna ine mwini."

Ndinalibe mzere woti ndilembepo zimenezo. Ndinaganizira zoti ine ndimagona bwino kumudzi, ngongole ikubwezedwa ndi msana wa munthu wina, n'kumadzitcha mwini galimoto chifukwa cha dzina la pa pepala. Tinakambirana mpaka magetsi anazima, n'kupitiriza ndi tochi ya foni.

Sindinasayine. Tinapangana kuti Vitz ikhalepo mpaka ngongole ithe mu Seputembala. Kuyambira Januwale asiye takisi ya usiku, gawo lomwe amandithandiza nalo lichepe, ine ndiziwonjezera kuchokera ku malipiro anga. Ngongole ikatha adzandigula gawo langa pang'onopang'ono, tidzasintha dzina pa buluu buku, ndipo adzagula chomwe mtima wake ukufuna, turbo kaya ndege, bola makaniko wa ku Biwi ayambe wapisamo chala, ndipo bola ifike pakhomo pa azakhali ku Chinsapo. Mwini Subaru titamuimbira anati tamutayitsa nthawi, ndipo sanalakwe.

Lachinayi tinawatengera mayi kuchipatala pa Vitz, yomwe inadutsa pa kamlatho kaja ikulira ngati mwa masiku onse. Lachisanu mng'ono wanga anandiperekeza ku depoti. Njira yonse, kudutsa Kanengo, Area 18 mpaka pa mlatho wa Lilongwe, sanayankhule. Nditatsika n'kunyamula chikwama, anatsitsa galasi.

"Koma achimwene, munaimva momwe imakokera?"

"Ndinaimva," ndinatero.

Sabata yatha wanditumizira chithunzi china. Mawu ake anafika msanga, akuti iyi ndi Forester, ya turbo yomwe, koma yaitali miyendo. Chithunzicho chinakana kutseguka m'nyumba, ndiye nditaweruka ndinakwera pachulu paja.